Utoto wowala m'timabowo ta silika ndi nkhani ya chuku mu mtedza wa ku Mitundu ndi ku Nathenje

M'mabotolo ambiri a mankhwala amene odwala amalandira m'zipatala za ku Mitundu ndi ku Nathenje, ngakhalenso m'timapaketi ta zipangizo zoyezera malungo, mumakhala kathumba kakang'ono ka timibulu toyera kamene kamalembedwa kuti si kakudya, ndipo anthu ambiri amangokataya osafunsa ntchito yake. Timibulu timeneti ndi silika, chinthu chomwe chija chimapanga mchenga wa kudambo ndi magalasi a m'mawindo, kungoti silika wa m'kathumbayu anapangidwa mwa njira yakuti mkati mwake mukhale timabowo tosawerengeka, tosaoneka ndi maso, timene timakoka chinyezi kuti mankhwala asawonongeke. Kwa zaka pafupifupi 40 tsopano, asayansi a m'mayiko osiyanasiyana akhala akulowetsa utoto wowala m'timabowo ta mtundu umenewu, ndipo apeza kuti utoto ukakhala mmenemo umawala kwambiri, umachedwa kusuluka, ndipo nthawi zina umasintha ndi mtundu womwe wa kuwala kwake. Ntchitoyi imachitikira kutali ndi kuno, koma imakhudzananso ndi mtedza, mbewu imene alimi a kumwera kwa boma la Lilongwe amaidalira chaka ndi chaka.

Utoto wowala umene ukunenedwa pano ndi wosiyana ndi utoto wamba wopakira nyumba kapena wonyikira nsalu. Kuwala kumayenda m'mafunde, ndipo utali wa funde limodzi umayezedwa mu nanomita, muyeso umene uli gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Diso la munthu limaona mafunde oyambira pa nanomita 400, amene amaoneka a buluu wopita ku pepo, kulekeza pa nanomita 700, amene amaoneka ofiira, pamene mafunde afupiafupi osafika pa 400 ndiwo cheza cha UV, chimene chili ndi mphamvu zambiri koma diso silichiona. Utoto wamba umameza mafunde ena n'kusandutsa mphamvu yake kukhala kutentha basi, koma molekyu ya utoto wowala, kutanthauza kachidutswa kochepetsetsa ka utotowo kamene kadakali ndi makhalidwe ake onse, ikameza kuwala imatayako pang'ono mphamvuyo ndipo yotsalayo imaibweza ngati kuwala kwatsopano. Popeza mphamvu ina yatayika, kuwala kobwezedwako kumakhala kwa funde lalitali kuposa kumene kunalowa, motero cheza cha UV chosaoneka chingathe kubwerera chili cha buluu, ndipo cha buluu n'kubwerera chili chobiriwira. Khalidwe limeneli asayansi amalitcha fluorescence, ndipo limachitika mofulumira kwambiri, m'magawo ochepa mwa magawo 1,000,000,000 a sekondi, kotero kuti nyale younikira ikangozimitsidwa kuwalako kumatheranso pomwepo. Chiphaniphani sichili m'gulu limeneli, chifukwa icho chimapanga chokha kuwala kwake kuchokera ku mankhwala a m'thupi mwake popanda china chochiunikira.

Mankhwala oyamba amene anathandiza asayansi kumvetsa zimenezi ndi odziwika bwino m'dziko la malungo ngati lino. Mu 1845 John Herschel wa ku England anaona kuti madzi osungunuliramo kwinini, ngakhale kuti ndi oyera mbee, amatulutsa kuwala kwa buluu akaunikidwa ndi dzuwa, ndipo mu 1852 George Gabriel Stokes wa ku Cambridge anafotokoza kuti kwininiyo amameza cheza cha UV n'kuchibweza chitatalika funde, n'chifukwa chake kusiyana kwa pakati pa funde lolowa ndi lotuluka kumatchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Utoto wochita kupanga unabwera pambuyo pake: Adolf von Baeyer wa ku Germany anapanga fluorescein mu 1871, utoto umene umameza kuwala kwa nanomita pafupifupi 490 n'kubweza kobiriwira kwa pafupifupi 515, ndipo utoto wa gulu la rhodamine unayamba kupangidwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Masiku ano utoto wotere uli paliponse. Umapezeka m'majekete owala amene apolisi apamsewu ndi a kabaza amavala, uli mu sopo wa ufa amene amachititsa malaya oyera kuoneka oyera koposa, madokotala a maso amadontheza fluorescein kuti aone pamene diso lakalika, ndipo oyeza makhololo amagwiritsa ntchito utoto wa auramine, umene umachititsa tizilombo ta chifuwa chachikulu kuwala mwachikasu pa maikulosikopu ya nyale ya LED, njira imene bungwe la World Health Organization linailimbikitsa mu 2011.

Vuto ndi lakuti utoto wowala ndi wosalimba ukakhala paokha m'madzi. Molekyu imene yangomeza kuwala imakhala ndi mphamvu zochuluka moti mpweya wa okosijeni ukaikhudza pa nthawiyo ingathe kuiphwanya, ndipo ikaphwanyika siwalanso, chimene ndi chifukwa chake jekete lowala limasuluka likakhalitsa padzuwa. Chodabwitsa china ndi chakuti kuchulukitsa utoto sikuchulukitsa kuwala mpaka kalekale: mamolekyu ambiri a utoto ndi aphanthiphanthi, ndipo akachuluka amamatirana awiriawiri kapena m'timagulu, n'kumapatsirana mphamvu imene ameza mpaka yonse itasanduka kutentha, kotero kuti madzi a utoto wambiri angathe kuwala mochepa kuposa a utoto wochepa. Kuwonjezera apo, molekyu imene ili yomasuka kupotoka ndi kuzungulira imataya mphamvu yake m'kugwedezekako m'malo moibweza ngati kuwala. Zofooka zonsezi zimaloza ku mankhwala amodzi, akuti molekyu iliyonse ipatsidwe malo akeake, igwidwe kuti isagwedezeke, ndiponso itchingidwe ku mpweya, koma chotchingiracho chikhale choti kuwala kuzidutsa.

Silika amakwanitsa zimenezi kuposa zinthu zina zambiri. Iye amapangidwa ndi maatomu a silikoni ndi a okosijeni olumikizana mbali zonse, pa atomu imodzi ya silikoni pamakhala awiri a okosijeni, ndipo akakhala woyera bwino amalola kuwala kudutsa kuyambira pa cheza cha UV mpaka kupitirira kofiira, sawala payekha, sadyedwa ndi tizilombo, komanso safufuma m'madzi monga amachitira mapulasitiki ena. Chopinga chinali kutentha, chifukwa galasi wamba limapangidwa posungunula mchenga pa madigiri 1,500 kapena kuyandikira pamenepo, pamene utoto umapsa usanafike n'komwe pa madigiri mazana angapo. Njira yozembera moto inapezeka mu kapangidwe kotchedwa sol-gel, kamene kamayamba ndi mankhwala amadzimadzi okhala ndi silikoni, makamaka otchedwa TEOS, amene akasakanizidwa ndi madzi, mowa wa ethanol ndi asidi pang'ono kapena amoniya, amalumikizana pang'onopang'ono mpaka kuundana kukhala phala, kenako n'kuuma kukhala galasi la timabowo, zonsezi zikuchitika pa kutentha kwa m'chipinda. Silika wa m'tithumba tija ndi wachibale wa njira imeneyi, ndipo kapangidwe kake ka m'mafakitale kanakhazikitsidwa ndi Walter Patrick wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America cha m'ma 1919. Koma munali mu 1984 pamene David Avnir, David Levy ndi Renata Reisfeld a ku Hebrew University ku Jerusalem anathira utoto wa rhodamine 6G m'madzi oyambira a sol-gel, n'kuonetsa kuti utotowo umatsekeredwa m'galasi uli wamoyo, sumatirana monga umachitira m'madzi, ndipo umapirira kuwala kwa nthawi yaitali.

Pa nthawiyo asayansi anali atadziwa kale kupanga silika wa timikanda tobulungira tofanana kukula, potsata njira imene Werner Stöber ndi anzake anafalitsa mu 1968, koma timabowo ta mkati tinali tosalongosoka, tina tating'ono, tina tatikulu, tina totsekeka. Zinthu zinasintha mu 1992 pamene akatswiri a kampani ya mafuta ya Mobil anapanga silika wotchedwa MCM-41. Iwo anagwiritsa ntchito mankhwala a gulu la sopo, amene m'madzi amadzisonkhanitsa okha kukhala timitengo tatitali tondandalikana bwino, ndipo silika atakula mozungulira timitengoto, sopoyo anamuwotcha pa madigiri opitirira 500, n'kutsala timapaipi towongoka, tofanana kukula, toyalana ngati zisa za njuchi. Mu 1998 Dongyuan Zhao ndi Galen Stucky a ku yunivesite ya California ku Santa Barbara anapanga mtundu wina wotchedwa SBA-15, wa timabowo tokulirapo ndi makoma ochindikala. Pa kagawidwe kamene asayansi anagwirizana, timabowo tosafika nanomita 2 ndi tating'ono, toyambira pa 2 kulekeza 50 ndi tapakati, ndipo topitirira 50 ndi tatikulu. MCM-41 ndi SBA-15 ali m'gulu lapakati, limene limakomera utoto chifukwa molekyu ya rhodamine ndi yotalika nanomita imodzi ndi pang'ono chabe, moti imalowa popanda kuthinana komanso popanda kupeza bwalo lalikulu losonkhaniranapo ndi zinzake. Makoma a mkati mwa timabowoti, atati atambasulidwe, galamu imodzi ya MCM-41 ingakute malo okwana masikweya mita pafupifupi 1,000, kutanthauza kuti magalamu 4 okha ali ndi makoma okwana pafupifupi ekala yathunthu.

Kalowetsedwe ka utoto m'timabowomo ndi kamene kamalamula zambiri za mmene chinthucho chidzawalire. Njira yapafupi ndi yonyika ufa wa silika m'madzi a utoto kuti utotowo ulowe wokha, ndipo imayenda bwino pa utoto wina osati pa wina, chifukwa cha mphamvu ya magetsi imene ili pa makoma. Makoma a silika amakutidwa ndi timagulu ta okosijeni ndi haidrojeni totchedwa silanol, timene m'madzi opanda asidi wambiri timataya haidrojeni n'kutsala ndi mphamvu ya negativi, motero timakoka utoto wa positivi monga rhodamine 6G koma timakankha fluorescein, amene nayenso ndi wa negativi, pokhapokha makomawo atayamba apakidwa mankhwala ena otembenuza mphamvuyo. Kuipa kwa njirayi ndi kwakuti chimene chalowa chokha chingathenso kutuluka chokha, makamaka m'madzi amchere monga magazi. Njira yachiwiri ndi ya ku Jerusalem ija, yothira utoto silika asanaundane, ndipo ena amasiya dala sopo uja m'timabowo osamuwotcha, popeza iye amalowa pakati pa mamolekyu a utoto n'kuwalekanitsa. Njira yachitatu, imene Alfons van Blaaderen ndi Agienus Vrij a ku Utrecht ku Netherlands anaionetsa mu 1992, ndi yoyamba kulumikiza utoto ndi kamolekyu kokhala ndi silikoni kotchedwa APTES, kotero kuti silika akamakula utotowo umakhala gawo la khoma lenilenilo ndipo sungachokenso. Njira yotsirizayi ndi yodula ndiponso imafuna utoto wokonzedwa mwapadera, koma ndi imene imadalirika pamene chinthucho chikukalowa m'thupi la munthu kapena chikukasungidwa miyezi yambiri.

Utoto ukakhazikika m'silika, kusintha koyamba kumene makina oyezera amaona ndi kuchuluka kwa kuwala. Mwa zina izi zimachitika chifukwa kamkanda kamodzi kamanyamula mamolekyu ambiri pamalo amodzi, koma palinso phindu pa molekyu iliyonse payokha, popeza khoma likaigwira imalephera kupotoka, ndipo mphamvu imene ikanatayika m'kugwedezeka imatuluka ngati kuwala. Chiwerengero cha kuwala kotuluka poyerekeza ndi kumene kwamezedwa chimatchedwa quantum yield, ndipo chimakwera kwambiri pa utoto wa mamolekyu ofewa, monga wa gulu la cyanine, pamene pa rhodamine 6G, amene amabweza kale pafupifupi kuwala konse akakhala mu ethanol, phindu lalikulu limakhala la kupirira osati la kuwala. Mtundu wa kuwala nawo umasuntha ndi nanomita zingapo, kupita ku buluu kapena kofiira, malingana ndi kuti m'kabowomo muli madzi, sopo kapena mpweya, ndipo kusunthaku asayansi amakugwiritsa ntchito ngati kazitape wowauza mmene mkati mwa kabowo mulili. Ngakhale zili choncho, silika sathetseratu vuto la kumatirana. Utoto ukapitirira muyeso, mamolekyu amasanjikana ngakhale m'timabowo momwemo, ndipo akasanjikana chafufumimba, imodzi pamwamba pa inzake, amameza kuwala kwa funde lalifupi n'kuleka kuwala, pamene akalumikizana mopendekera, mutu wa ina kumchira wa inzake, amameza kwa funde lalitali ndipo amapitiriza kuwala. Pachifukwa chimenechi chinthu chilichonse cha mtunduwu chimakhala ndi mlingo wake wa utoto umene kuwala kumafika pachimake, ndipo kupyola pamenepo utoto wowonjezerawo umangozimitsa unzake.

Palinso kupatsirana mphamvu kumene sikufuna kuti mamolekyu akhudzane. Theodor Förster wa ku Germany anafotokoza mu 1948 kuti molekyu imene yameza kuwala ingathe kupereka mphamvu yake kwa ina imene ili pa mtunda wa nanomita 1 mpaka 10, ndipo popeza mitunda ya m'timabowo ta silika ili m'malire omwewo, ndi kotheka kuika mitundu iwiri kapena itatu ya utoto m'kamkanda kamodzi kuti nyale imodzi itulutse mitundu yosiyanasiyana malingana ndi kasakanizidwe kake. Poyeza kuwalaku palinso vuto lina: ufa wa silika umaoneka woyera ngati ufa wa chimanga woyera osati chifukwa chakuti umameza kuwala ayi, koma chifukwa umakumwaza pamalire alionse a silika ndi mpweya, ndipo kumwazaku kumasokoneza miyeso; timabowo tikadzazidwa ndi mankhwala amadzimadzi amene amapinda kuwala mofanana ndi silika, amene muyeso wake wa kupinda kuwala ndi pafupifupi 1.46, ufawo umaoneka ngati wasowa n'kutsala utoto wokha ukuwala.

Pali mfundo imodzi pano imene siifuna kuithamangira, chifukwa ndi imene imasiyanitsa ntchito ziwiri za zinthuzi. Wofuna chizindikiro chowala mosasinthasintha amatseka utoto mkati mwa silika wolimba kuti mpweya ndi madzi zisaufike, pamene wofuna choyezera amasiya timabowo totseguka kuti chimene akufuna kuyezacho chilowe n'kusintha kuwala. Fluorescein amawala kwambiri m'madzi opanda asidi ndipo amazima asidi akachuluka, motero akamangidwa m'timabowo totseguka amakhala choyezera asidi. Utoto wina wokhala ndi chitsulo cha ruthenium umazimitsidwa ndi okosijeni, ndipo umagwiritsidwa ntchito poyeza mpweya umenewu m'madzi. Chitseko chimene chimalowetsa choyezedwa ndi chomwecho chimalowetsa chowononga utoto, kotero palibe kamkanda kamene kangapambane pa ntchito zonse ziwiri nthawi imodzi. Chitsanzo chotchuka cha mtundu wotsekeka ndi timikanda totchedwa Cornell dots, timene Ulrich Wiesner ndi anzake a ku yunivesite ya Cornell anafalitsa mu 2005, towala kuwirikiza ka 20 kapena kuposerapo poyerekeza ndi utoto wake uli paokha. Timikandati tinachepetsedwa mpaka kusafika nanomita 10 kuti impso zizitha kutitulutsa mu mkodzo, ndipo pofika mu 2011 akuluakulu oona za mankhwala ku America anali atalola kuti tiyesedwe pa odwala khansa ya pakhungu ku chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York.

Mtedza unalowa mu nkhaniyi zaka zambiri timikanda timeneti tisanaganiziridwe. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil, ndipo ofufuza anapeza kuti gwero lake linali poizoni wopangidwa ndi chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus, amene anamutcha aflatoxin. Pomulekanitsa ndi zinthu zina, iwo anadontheza madzi otengedwa mu mtedzawo pa timagalasi topakidwa ufa wosalala, umene posakhalitsa unadzakhala wa silika nthawi zonse, n'kulola mankhwala osungunulira kukwera nawo pang'onopang'ono, njira imene imatchedwa thin-layer chromatography. Ataunika ndi nyale ya UV anaona timadontho tina tikuwala mwa buluu, tina mobiriwira, ndipo mitundu inayi ya poizoniyu, B1, B2, G1 ndi G2, inapatsidwa zilembo zake potsata mitundu iwiri ya kuwalayo ndi malo amene dontho lililonse linaima. Aflatoxin, kunena kwina, ndi molekyu yowala mwachibadwa, ndipo B1 ndi G1 amawala mofooka m'madzi koma amawala bwino akamatirira pa silika, moti m'zaka za m'ma 1970 ena ankadzaza silika m'kachipinda ka makina oyezera n'cholinga chokweza kuwalako. Khalidwe limene asayansi a masiku ano amalifunafuna pa rhodamine linali litayamba kale kuthandiza oyeza mtedza.

Kwa alimi a ku Mitundu ndi ku Nathenje nkhani ya chuku si yachilendo. Mtedza ukakumana ndi ng'amba uli pafupi kukhwima, ukachedwa kukumbidwa, ukayanikidwa padothi kapena ukasungidwa m'matumba usanaumitsitse, chuku chimalowa, ndipo chizolowezi chowaza madzi pa mtedza wa makoko kuti ufewe poswa, kapena kuti ulemere pasikelo, chimawonjezera vutoli. Mlingo umene mayiko a European Union amalola pa mtedza wodyedwa mwachindunji ndi mamiligalamu 4 a aflatoxin yense pa tani imodzi, ndipo pa B1 yekha ndi mamiligalamu 2, miyeso imene diso, mphuno ndi lilime sizingaizindikire. Malawi, amene kale ankagulitsa mtedza wambiri wa Chalimbana ku Ulaya, anataya gawo lalikulu la msika umenewo ndipo chuku chinali chimodzi mwa zifukwa zake. Choopsa kwambiri n'chakuti mtedza wosankhidwa kuti ndi woipa sutayidwa kawirikawiri, koma umasinjidwa kukhala nsinjiro zotendera ndiwo ndi kuthira m'phala la ana, kapena kupangidwa chiponde, pamene aflatoxin B1 ali m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a hepatitis B, ndipo satha ndi moto wophikira. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chokhala ndi poizoniyu wochuluka.

Malo oyezera alipo koma ndi ochepa. Koleji ya Bunda, imene ili pafupi ndi Mitundu ndipo tsopano ndi likulu la yunivesite ya LUANAR, malo a kafukufuku a Chitedze kumene kulinso bungwe la ICRISAT, ndiponso Malawi Bureau of Standards, ndi ena mwa malo amene nkhani ya chuku imafufuzidwa ndi kuyezedwa, koma mtedza wambiri umene mavenda amagula pamsika wa Mitundu kapena m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje umasintha manja popanda kufika pa labotale iliyonse. Ena angaganize kuti nyale ya UV yokha ndi yokwanira, ndipo ndi zoona kuti chimanga chogwidwa ndi chuku nthawi zina chimawala mobiriwira mopita kuchikasu chikaswedwa n'kuunikidwa, koma kuwala kumeneko sikuchokera ku aflatoxin. Kumachokera ku mankhwala ena a chukucho otchedwa kojic acid atasinthidwa ndi mbewuyo, kotero kuti chimanga chingathe kuwala chilibe poizoni wambiri, kapena kukhala ndi poizoni osawala. Nyale yotere imangochenjeza, siweruza.

Apa ndi pamene timikanda ta silika tonyamula utoto tingathandize. Kachipangizo koyezera malungo kamene azaumoyo amagwiritsa ntchito kamaonetsa mzere wofiirira chifukwa cha timibulu ta golide tomangiriridwa ku ma antibody, amene ndi mapuloteni ozindikira ndi kugwira chinthu chimodzi chokha, ndipo timapepala toyezera aflatoxin topangidwa mofananamo tilipo kale pamsika, kungoti pa ito mzere umazilala poizoni akachuluka m'malo mowonekera. Ofufuza m'mayiko angapo akhala akuyesa kuchotsa golide n'kuikapo timikanda towala, ta silika kapena ta pulasitiki, chifukwa kuwala kotuluka pamalo amdima kumayezeka mosavuta kuposa kuzilala kwa mzere papepala loyera, ndipo kamkanda kamodzi konyamula mamolekyu ambiri a utoto kamalola kuti poizoni wochepa kwambiri aonekere ndiponso kuti kuchuluka kwake kuwerengedwe m'manambala. Makoma a silika amalandira mosavuta mankhwala omangirira ma antibody, ndipo amateteza utoto ku kutentha ndi kuwala kwa m'nyumba zosungiramo katundu, ngakhale kuti ma antibody enieniwo amakhala kunja kwa khoma ndipo amawonongekabe ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Vuto la timikanda towalati ndi lakuti pamafunika kabokosi ka nyale ya LED, kagalasi kosefa kuwala, ndi kamera kapena makina owerengera, zinthu zimene mzere wa golide sufuna.

Anthu ena amafunsa ngati silika wotereyu angapangidwe m'dziko muno. Zopangira zilipo, popeza phulusa la mankhusu a mpunga, amene amatayidwa milumilu m'zigayo za ku Karonga, Nkhotakota ndi Salima, limakhala ndi silika wopitirira magawo 85 pa 100 aliwonse, ndipo likaphikidwa mu soda wamphamvu limapereka madzi amene silika wa timabowo angapangidwe nawo m'malo mwa TEOS wochokera kunja. Chofunika n'chakuti mankhusuwo asawotchedwe kupitirira madigiri 700 kapena kuyandikira pamenepo, chifukwa moto ukakula silika amasanduka wa mtundu wolimba ngati mwala, umene susungunuka msanga ndiponso fumbi lake limawononga mapapo, monga limachitira kwa ophwanya miyala. Komabe silika ndiye gawo lotsika mtengo pa kachipangizo konse. Ndalama zambiri zimapita ku ma antibody, ku utoto wokonzedwa mwapadera, ndi ku ntchito yotsimikizira kuti kapepala kalikonse kakupereka yankho lofanana ndi kanzake, motero kunena kuti mankhusu a mpunga okha angatsitse mtengo woyezera mtedza kungakhale kulonjeza zopitirira.

Chopinga chachikulu pa zonsezi sichili m'kuwala konse, koma m'thumba la mtedzalo. Aflatoxin safalikira mofanana: njere zochepa kwambiri zingathe kunyamula pafupifupi poizoni yense wa m'thumba, pamene zinzake zoyandikana nazo zili bwinobwino, kotero kuti wotapa dzanja limodzi pakamwa pa thumba angalephere kukumana ndi njere zoipazo, kapena angakumane ndi imodzi n'kukanitsa katundu yense. N'chifukwa chake malamulo a European Union amafuna kuti pa katundu wochuluka atape malo 100 osiyanasiyana mpaka kukwana makilogalamu 20, n'kuwapera bwino asanatengepo kagawo kokayeza. Kachipangizo kowala kwambiri kamangonena zoona za kagawo kamene kapatsidwa, ndipo pamsika pamene wogula amalipira mtengo umodzi pa mtedza wouma bwino ndi wowazidwa madzi, funso la amene angalole kuti makilogalamu ake aperedwe, ndi amene angalipire kapepalako, limakhala patsogolo pa funso la utoto umene uli mkati mwake.